Nkhululu za pa Kapinga wa Azakhali

Senderani kuno, ana inu, mafoniwo muyambe mwaika pansi. Iwe wamng'ono, khala apa pafupi ndi mwendo wanga. Ndamva atate anu m'mawa muja akudandaula kuti pa kapinga wawo patuluka timilu ta dothi, akuti mawa alowa m'tauni kukagula mankhwala. Ine ndinangoyang'ana kumbali. Tcherani khutu ndikuuzeni za kapinga wina amene ndinamudziwa ndili msinkhu wanu, ndi mmene anathera.

Ndiyambire pa kakhasu. Kanali kakang'ono, kotha mbali imodzi, mpini wake wa mtengo wa gwafa, wosalala ndi thukuta la m'manja. Anandisemera ndi atate anga, amene anali mmisiri wa matabwa m'tauni, ku Kapata. Nyumba imene tinkakhala anamanga okha, njerwa kuumba okha, zitseko kukhoma okha. Kuzungulira anabzala mpanda wa nkhadze, n'kuikapo geti la lata. Atate atamwalira, nyengo yozizira, abale awo anabwera kudzalira. Analira ndithu, koma maso anali pa katundu. Maliro atangotha anayamba kutulutsa: macheka, njinga, wailesi, mabulangete, ngakhale mbale zimene anali atangodyeramo okha. Kakhasu kokha kanapulumuka chifukwa ndinakakhalira. Ndinakhala pamenepo tsiku lonse osasuntha, chitsulo chikundilasa, anthu n'kumati mwanayu chisoni chamugwira.

Nyumba sakanainyamula, ndiye anailowa. Analowamo mlongo wawo wa atate, amene ine ndinkati azakhali, pamodzi ndi amuna awo, bambo wofatsa woyendetsa lole, amene mawu ake m'nyumbamo sankamveka. Ine ndi amayi anatikankhira ku kachipinda ka kuseri, komwe atate ankasungirako matabwa. Akuluakulu a kubanja kwa atate anagamula kuti nkhani ya nyumba idzakambidwa pa Khirisimasi, abale akadzasonkhana. "Kufikira tsikulo, mlamu, mukhale mofatsa," anatero. "Tikhala tikuona makhalidwe anu. Mukakhala bwino, palibe adzakuchotseni pano."

Amayi anagwada n'kuomba m'manja. Si kuti anali opusa ayi. Chaka chimenecho ine ndinali nditangoyamba sukulu, ndipo aphunzitsi anali atawauza kuti mwanayu mutu uli bwino. Kwawo kwa amayi, ku Kasenengwa, mudzi wathu unali kutali ndi sukulu, kuseri kwa mitsinje, ndipo kunalibe mtsikana wa m'mudzimo amene ankapitako. Kuchoka ku Kapata kunali kusiya sukulu. Choncho madzulo alionse amayi ankandiuza mawu amodzimodzi: "Ukufuna sukulu, eti? Ndiye chilichonse chimene uone pano, meza."

Ndinameza zambiri, ana inu.

Kutsogolo kwa nyumba amayi anali ndi kamunda kawo: mpiru, therere, matimati, nkhwani woyanga mpaka pa mpanda. Ndimo munkachokera ndiwo zathu. Tsiku lina azakhali anaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Kuno si kumudzi. Khomo la nyumba ya m'tauni silikhala munda." Sanaitane waganyu. Anapatsa amayi khasu kuti azule okha. Mpaka lero ndikamva fungo la masamba a matimati ophwanyika, mtima umandinyamuka. Timatimati tosapsa tinkagubuduka pa dothi, ine n'kumatola, azakhali n'kumati, "Taya zimenezo." Amayi anazula zonse, mutu uli pansi, kenako anasalaza.

Ndiye kunabwera kapinga, m'masaka, wopemphedwa ku mayadi kumene mnzawo wa azakhali ankagwira ntchito. Tinamubzala ife, kamuzu ndi kamuzu, titagwada. Titatha kubzala tinayamba kuthirira, ndipo apo ndi pamene ukapolo unayambira. Mpopi unali kumapeto kwa msewu, wa anthu onse, mzere wake wautali. Amayi ndowa pamutu, ine chitini m'manja, kupita, kubwera, kupita, kubwera, ndisanapite ku sukulu komanso nditaweruka. Dzuwa la chilimwe linafika, lija loti mchenga umaotcha mapazi, mapiri ozungulira tauni ali mbuu ndi utsi. Madzi ankatuluka modontha, azimayi n'kumakangana pa mpopi. Ife tinkasamba madzi a m'kapu, kapinga akumwa ndowa zathunthu. Khosi la amayi linkatupa, ine m'manja munatuluka matuza.

Ndipo anamera, wosamva chisoniyo. Anayala ponseponse, kuti biriwiri, pakati pa Kapata yense wofiira ndi fumbi. Odutsa ankasuzumira pa mpanda. Ife amene tinamulera sitinkaloledwa kumuponda. Pochoka ku kachipinda kathu tinkazungulira m'mbali mwa nkhadze ngati akuba. Azakhali ankatulutsa mpando wa atate, umene anakhoma ndi manja awo, n'kukhala pakhonde kumayang'ana udzu wawo. "Akuluakulu akadzabwera adzakhala apa," ankatero mokweza kuti amayi amve. "Adzaone okha kuti nyumbayi tsopano yapeza mwini wake."

Ndikuuzeni za kapinga, poti atate anu ali kutali. Ndi udzu wosadyeka, wosafolera denga, wosaloledwa ngakhale kwa mbuzi. Ntchito yake ndi imodzi chabe: kuuza odutsa kuti mwini wake sasowa ndiwo. Ife tinkasowa. Kamunda katapita, tinkadya nsima ndi mfutso, mfutso utatha tinkapisa m'madzi a mchere, uku kunyumba yaikulu kukununkhira nyama.

Mvula yoyamba inagwa, dothi linanunkhira, ndipo madzulo ake tinamva kulira. Inu a m'tauni a masiku ano mwina simuidziwa nkhululu. Ndi kachilombo konenepa ngati chala chachikulu cha bambo, kamutu kozungulira, miyendo yaminga. Imakumba una wake pansi, masana n'kutseka pakhomo ndi dothi, dzuwa likalowa n'kutsegula, kuima pakhomopo, kuyamba kulira. Ikalira pafupi nawe, m'makutu mumachita kunjenjemera. Tsiku limenelo sinalire imodzi. Bwalo lonse linkalira.

M'mawa kutacha, pa kapinga wa azakhali panali timilu ta dothi lofiira, apa, apo, uko. Nkhululu imadula udzu n'kukokera mu una mwake, ndiye kuzungulira kamulu kalikonse panali dazi. Nanga zikanapita kuti? Kapata yense anali wouma gwa ngati njerwa, malo ofewa ndi onyowa anali amodzi okhawo, ofewetsedwa ndi makosi athu. Azakhali anapondaponda timiluto ndi nsapato. Mawa lake tinatuluka tochuluka. Anathira madzi otentha, udzu unapsa, nkhululu zinalira. Anathira madzi a sopo, zinaliranso. Ine ndinkagona pamphasa n'kumamvetsera, ndikumwetulira mumdima wa m'kachipinda, chifukwa pomaliza panali papezeka wina wosaopa azakhali.

Mkwiyo wawo unagwera amayi. "Minyama imeneyi mwabwera nayo ndinu, mlamu. Munadya mlongo wanga, manje mukufuna kudya udzu wanga." Amayi anameza.

Tsiku lina m'mawa, nditavala kale yunifolomu, njala inandilamula. Tinali titagona ndi nsima ya mchere. Ndinatenga kakhasu kanga, ndinayang'ana kunyumba yaikulu, makatani anali otseka. Ndinasankha kamulu ka m'mbali, pafupi ndi mpanda. Ndinapalasa dothi, ndinalowetsa kaudzu mu una kuti njira isanditayike, ndinayamba kukumba. Una wa nkhululu sumapita chowongoka, umakhota, umatsika, umakhotanso. Ndinakumba mpaka mkono wonse unalowa, ndipo zala zanga zinakhudza chinthu chofewa chikukankha. Ndinaitulutsa. Inali yonenepa, mimba ili tsaa, ikundikanda m'manja.

Sindinamve chitseko. Ndinangomva khutu langa likukwezedwa m'mwamba. Azakhali anandilanda nkhululu ija, anaiponya pansi, anaiponda ndi chidendene mpaka inaphulika. Kenako anakatenga lamba wa amuna awo. Anandikwapula m'miyendo, kumsana, paliponse pamene lamba anafika, ndipo nditafuna kuthawa anandigwira pa phewa, yunifolomu inang'ambika mpaka m'chiuno. "Mbewu ya kumudzi! Wakuba! Ufanana ndi amako!" Anthu anasonkhana pa mpanda. Ndili pansi ndinaona amayi ataima pa geti, ndowa pamutu, madzi akutayikira kumaso kwawo. Sanatule. Anaima chilili mpaka lamba anatopa. Tsiku limenelo ndinawada amayi kuposa azakhali.

Madzulo anandisambitsa ndi madzi ofunda, anakhala pakhomo pa kachipinda n'kumasoka yunifolomu. Ndinkadikira mawu aja a tsiku ndi tsiku, akuti meza. Sanabwere. Anasoka, anadula ulusi ndi mano, ndipo osandiyang'ana anafunsa, "Inali yaikazi kapena yaimuna?"

"Yaikazi. Ya mazira."

"Hmm," anatero amayi. Basi.

Loweruka lotsatira azakhali anadzuka ndi ulendo. Anati akupita ku Madzimoyo, kwa m'bale wa amuna awo wolima thonje, kukatenga mankhwala ophera tizilombo, oti akathira pa kapinga chilichonse choyenda chife. Khirisimasi inali pafupi, ankafuna udzu uchire akuluakulu asanafike. Anakwera lole ya amuna awo, ndipo asanatseke chitseko anakuwa, "Mlamu, ndikapeze mwasesa!"

Fumbi la lole lisanakhale pansi, amayi anandiitana. "Pita ukaitane anzako. Onse. Uwauze abwere ndi makasu ndi zitini, kuno kuli ndiwo."

Ndinawayang'ana, mikwingwirima ya lamba ikadandiyabwa.

"Ndati pita."

Ndinathamanga ngati ndamera mapiko. Ndinayambira pa mpopi, ndinadutsa kuseri kwa msika, ndinalowa m'tinjira tonse ta Kapata ndikukuwa, "Nkhululu! Nkhululu kwathu! Amayi atsegula geti!" Panalibe mwana amene sankadziwa za bwalo limenelo. Onse ankamva kulira kwake madzulo, malovu akudontha. Pobwerera ndinali ndi gulu kumbuyo kwanga: anyamata opanda malaya, atsikana obereka ang'ono awo kumsana, wina ndi khasu la agogo ake lomuposa msinkhu, wina ndi chikwanje, wina ndi supuni chabe. Tinapeza geti lili yasa, amayi atalitchinjiriza ndi njerwa.

Poyamba anaima m'mphepete, akuopa kuponda. Ine ndinalowa pakati penipeni pa kapinga, mapazi anga osavala, kwa nthawi yoyamba. Anali wozizira, wofewa ngati bulangete. Ndinakweza kakhasu, ndinatema.

Ha! Zimene zinachitika pamenepo! Makasu ankagwa ngati pa dima. Kapinga ankang'ambika zigamba zigamba, anyamata n'kumapinda ngati mphasa, kuponya uko. Dothi lofiira linkauluka. "Una wanga uwo, choka!" "Wanama, ndayamba ndine!" "Yathawira kwa iwe, igwire!" Mnyamata wina anapisa dzanja n'kutulutsa chinkhanira, analumpha ngati wapsa, tonse tinagwa ndi phwete, iye n'kusamukira pa una wina. Zitini zinayamba kulira ndi miyendo yokanda. Azimayi oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira, kenako mmodzi anamanga chitenje molimba n'kulanda khasu kwa mwana wake, akuti sukudziwa kukumba iwe.

Amayi sanagwire khasu. Anatulutsa mpando uja wa atate, anauika pakhonde, anakhalapo, manja pamiyendo. Mayi wina wachikulire, amene ankatipatsako mchere masiku ovuta, anawayandikira n'kunong'ona, "Make mwana, mwaganiza bwino koma?"

"Ndakhala ndikuganiza kuyambira nyengo yozizira," anayankha amayi.

Dzuwa litafika pamutu, panatsala kangodya kamodzi kobiriwira, pafupi ndi masitepe. Amayi analoza ndi milomo. "Apo mwasiyapo."

"Palibe una pamenepo, amayi," anatero mtsikana wina.

"Kumbanipo basi."

Tinakumba. Titamaliza, bwalo linkaoneka ngati munda umene mwadutsa nguluwe, maenje okhaokha, opanda ndi kaudzu kamodzi koimirira.

Ndiye amayi ananyamuka. Anaika mafuwa pakati penipeni pa bwalolo, anasonkha moto, anabwereka chiwaya chachikulu kwa mayi wachikulire uja. Tinakhala mozungulira, kuthothola mapiko, kudula miyendo yaminga, kufinya matumbo, kutsuka. Nkhululu sifuna mafuta, imabwera ndi ake. Zitagwa m'chiwaya zinayamba kuthetheka, kufiira, fungo lake linakwera mpaka anthu odutsa mumsewu anaima. Amayi anawaza mchere, anagawa ndi dzanja lawo, mwana aliyense chikhatho chodzaza. Ndadya nyama pa maukwati, ana inu, ndadya nkhuku za m'mahotela zimene atate anu amandigulira, koma palibe chinandikomera ngati nkhululu za tsiku limenelo. Zinkaphwanyika m'mano, mazira ake ngati mpunga wonona. Ndinkatafuna pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pamalo pamene anandikwapulira.

Lole inabwera dzuwa litapendeka. Ana anangoti balala, ena pa geti, ena kuboola mpanda. Azakhali anatsika, botolo la mankhwala m'manja, anayenda mpaka pa geti, anaima. Kenako anakuwa. Ndikukuuzani zoona, pa maliro a mlongo wawo sanalire choncho. Anaika manja kumutu, anathamangira uku, anagwera m'dzenje, anadzuka, anatola chigamba cha kapinga n'kumachibwezera pansi ngati chingamere pomwepo.

Amayi anadikira mpaka kulirako kutatsika. Anatenga mbale yovindikira bwino, anayenda mwaulemu, anagwada patsogolo pawo monga amachitira mkazi wolangizidwa.

"Takulandirani, alamu. Tizilombo tija takuchotserani, mankhwalawo musavutike nawo. Ndiwo zanu izi, takusungirani zamazira."

Azakhali anamenya mbale ija ndi phazi, nkhululu zinamwazika pa dothi. "Mutuluke! Lero lomwe! Mfiti! Ndikauza akuluakulu onse, simudzapondanso pano!"

"Tamva, alamu," anatero amayi. Analowa m'kachipinda n'kutuluka nthawi yomweyo, mtolo pamutu. Unali womanga kale. Anali ataumanga m'mawa, asananditume n'komwe.

Tikutuluka ndinacheuka. Azakhali anali atakhala pansi pakati pa maenje, miyendo tambalale, dothi mpaka m'tsitsi. Ndipo kuseri kwa lole ndinaona amuna awo atawerama, akutola nkhululu zomwazika zija, kuuzira mchenga, kuponya m'kamwa msangamsanga, maso ali kwa akazi awo.

Tinagona kwa mayi wachikulire uja, ndipo m'mawa tinauyamba wa ku Kasenengwa.

Tsono mufuna kudziwa mmene anathera anthu amenewa. Akuluakulu anasonkhana pa Khirisimasi popanda ife, anakhala pa mipando yopendekeka pakati pa matope, anagamula kuti mkazi wamasiye waonetsa yekha khalidwe lake, nyumba ndi ya azakhali. Azakhali anabzalanso kapinga, koma analibenso womuthirira, ndipo ana a ku Kapata anali atalidziwa bwalolo: mvula ikangogwa ankaboola mpanda. Anayesa zaka zingapo, analephera, anagulitsa nyumba, ndalama zinathera m'manja mwa ana awo. Anakafera ku Lusaka, miyendo itatupa, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mpongozi wawo. Uthenga unandipeza ndikupalira. Ndinamaliza mzere wanga, ndinayamba wina.

Amuna awo anakalamba akuyendetsa malole a anthu. Ndinakumana nawo kamodzi pamsika ndikugulitsa mtedza, ndili kale ndi mwana kumsana. Anandizindikira, anavula chipewa, anagula osanenerera, anachoka. Mayi wachikulire uja anamwalira chaka chotsatira, Mulungu amusunge. Aphunzitsi aja sindinawaonenso.

Amayi analima ku Kasenengwa mpaka msana unapindika. Sanakwatiwenso, sanapondenso ku Kapata. Nkhani imeneyi ikatuluka pa mtondo, azimayi ankaseka mpaka misozi, koma iwo ankangopitiriza kusinja. Sanandipepese, ndipo ine sindinawafunse. Ine ndine uyu mukundionayu, amene ndikapita ku chipatala kapena kukavota amandigwira dzanja n'kundidinditsa chala. Mukandifunsa ngati ndikanakonda kuti geti lija likhale lotseka, sindikuyankhani lero, ndipo mwina sindidzakuyankhani. Ndikudziwa chabe kuti ndikakumbukira azakhali atakhala m'dothi muja, mpaka pano mtima umazizira bwino.

Koma tsiku lija panjira sindinkadziwa mtengo wake. Ndinkadumpha patsogolo pa amayi, ndikuimba, ndikuwasimbira mmene azakhali anagwera m'dzenje, ngati iwo panalibe. Ndinali nditavala yunifolomu yanga, poti ndiyo inali chovala changa chabwino. Tauni itabisika kuseri kwa mapiri ndinaima, ndinafunsa, "Amayi, nanga Lolemba ndidzadzuka nthawi yanji kuti ndikafike ku sukulu?"

Amayi anakonza mtolo pamutu, anayang'ana kutsogolo.

"Yenda, mwanawe. Dzuwa likukwera."

Ine ndinaganiza kuti akunena za dzuwa, ndipo ndinayambiranso kuimba.